Chitunda ndi Mtsetse: Mmene Mpikisano Wothamanga M'phiri Umayendera

Chaka chilichonse, mwezi wa Julaye, anthu amasonkhana m'mamawa pa Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje. Kunja kumakhala kukuzizira. Ena amauzira mpweya m'manja, ena amadumphadumpha kuti thupi lifunde. Nthawi ikakwana, onse amaliyatsa liwiro kulowera kumtunda. Mpikisano umenewu umatchedwa Porters Race. Poyamba unali wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi operekeza alendo m'phirimo. Masiku ano amalowa nawo amuna ndi amayi omwe, a ku Mulanje konko, a m'maboma ena, ngakhalenso ochokera kunja.

Njira yake imachoka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, kenako kutsika kubwerera pa Likhubula pomwepo. Ndi mtunda wa makilomita oposa 20. Siifika pa Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya mamita 3002, komabe si njira yamasewera. Mlendo woyenda mwachifatse amagona m'njira. Akatswiri amafika maola atatu asanakwane.

Kodi thupi la munthu limatha bwanji zimenezi? Yankho si mankhwala, komanso si nsapato zodula. Tiyeni tiitsate njirayi kuyambira pansi.

Pokwera

Pabwalo la mpira, miyendo imangokankha thupi kupita kutsogolo. Pachitunda imagwira ntchito ziwiri, kukankha ndi kunyamula. Munthu wolemera makilogalamu 60 akachoka pa Likhubula n'kufika ku Chambe, ndiye kuti wakweza katundu woposa thumba la chimanga pamtunda wa mamita pafupifupi 1000 kupita m'mwamba.

Ntchito yotere imafuna moto. Minofu yathu ili ngati mbaula. Makala ake ndi chakudya chimene tadya. Koma mayi aliyense amadziwa kuti makala sayaka popanda mpweya. Mpweya umene minofu imafuna umatchedwa okosijeni. Mapapo amaukoka, magazi amaunyamula, ndipo mtima ndi umene umapopa magaziwo kuti akafike kumiyendo. Mukamapuma wefuwefu pachitunda, thupi likukupiza mbaula yake.

Mungathe kudzionera nokha. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, pamene mtsempha umagunda. Werengani kugundako kwa masekondi 15, ndipo nambala imene mwapeza muichulukitse ndi 4. Mukapeza 18, ndiye kuti mtima wanu ukugunda ka 72 pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu amene wangokhala, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100. Wozolowera kuthamanga, wake umagunda pang'onopang'ono kuposa apo, chifukwa ukagunda kamodzi umatumiza magazi ambiri. Pachitunda nambalayi imatha kuwirikiza.

Mtima uli ndi malire ake. Munthu akayamba ndi phuma, minofu imafuna mpweya woposa umene mtima ungabweretse. Ntchafu zimayamba kuwotcha, miyendo imalemera ngati mwaimangirira njerwa, ndipo posakhalitsa amakhala pamwala, manja ali m'chiuno, anzake amene anawasiya kumbuyo akumudutsa mmodzimmodzi. Akuluakulu ananena kuti kuthamanga sikufika, ndipo m'phiri mawuwa amaoneka ndi maso.

Muyang'anitsitseni wonyamula katundu pamene njira yaima njo. Sathamanga. Amaponda pafupipafupi, amaweramira kutsogolo pang'ono, ndipo nthawi zina amatsamira manja pamaondo n'kumakankha, kuti mikono ithandize miyendo. Pakangopezeka posalala, m'pamene amatola liwiro. Kuyenda pamalo otere si kugonja. Ngakhale akatswiri amayenda, ndipo amatero dala.

Pamwamba

Mukafika pamwamba, njira imafewako, koma pamabwera zina. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Pa mamita 2000, munthu akapuma kamodzi amalandira okosijeni wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi amene ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Wochokera ku Nsanje kapena ku Nkhotakota amamva kusiyanaku msanga kuposa wa ku Dedza.

Kumaziziranso. Mukakwera mamita 1000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Onjezani mphepo, malaya onyowa ndi thukuta, ndi chiperoni chimene chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi yomweyi. Munthu amene wabinya mwendo n'kukhala pansi pamalo otere akhoza kuzizidwa mpaka kuyamba kulankhula zosokonekera. N'chifukwa chake kajekete kopepuka kotchinga mphepo, komangirira m'chiuno, n'kofunika kuposa wotchi yapamwamba. Nkhungu ikatseka njira, musadule chidule. Imani pamene muli kapena tsatani njira yodziwika.

Potsika

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri amakonzekera chitunda n'kuiwala mtsetse. Amaganiza kuti kutsika n'kupuma. Zoona, mtima umapuma. Koma miyendo ndiye imaona zakuda.

Taganizirani njinga yosenza matumba a makala ikutsika phiri. Mwini wake sapalasa, koma manja ake amatopa ndi mabuleki. Potsika, mabuleki a munthu ndi minofu yakutsogolo kwa ntchafu. Phazi likamatera pansi mothamanga, mwendo umalandira kulemera kowirikiza kawiri kapena katatu kulemera kwa thupi, ndipo minofuyo imagwira thupi kwinaku ikukokedwa. Kukokedwa kumeneku kumasiya timabala ting'onoting'ono m'kati mwa minofu, tosaoneka ndi maso. Ululu wake sumveka tsiku lomwelo. Umabwera mawa lake, n'kufika poipa mkuja, mpaka munthu kulephera kunyonyomala m'chimbudzi. Izi si matenda, ndipo palibe amene wakulodzani. Timabalato tikapola, minofu imalimba kuposa kale, ndipo ulendo wotsatira ululu umachepa. Ndiye kuti mtsetse umaphunziridwa potsika, palibenso njira ina.

Aphunzitsi abwino a kutsika tili nawo kale. Ine ndinaphunzira kwa mayi wina amene ndinakumana naye akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, wautali kuposa iye mwini. Sankaponda motalikitsa. Mapazi ake ankagwa pafupipafupi, mopepuka, ngati akuponda pamchenga wotentha. Maondo anali opindika pang'ono nthawi zonse. Maso sanali pa zala zake, anali patsogolo, kusankha mwala wachitatu kapena wachinayi asanafikepo. Pathanthwe lonyowa, pamene panali ndere, anapendeka thupi n'kutsika chammbali.

Wothamanga achite chimodzimodzi, ndipo popeza alibe mtolo, atambasule manja pang'ono kuti asapepesuke. Cholakwika chachikulu ndi kugonera kumbuyo chifukwa cha mantha n'kumaponda ndi chidendene mwendo uli chiwongokere. Mukatero, nkhonya yonse imakathera m'bondo, ndipo pamiyala yoyenda phazi limaterereka mosavuta. Dziwaninso kuti ambiri amagwa chakumapeto, pamene njira yayamba kuoneka yophweka, thupi latopa, ndipo maganizo afika kale kunyumba.

Nsapato ndi zovala

Nsapato yabwino imapezeka ngakhale pakaunjika. Musayambe ndi kuona mtundu kapena dzina. Itembenuzeni muone kunsi. Ya m'phiri imafunika ikhale ndi mano ogwira dothi ndi miyala. Yosalala kunsi ndi ya pamsewu. Yesani nsapato madzulo, chifukwa phazi limatupako munthu akayenda, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chimodzi cha m'manja.

Mpata umenewu ndinaudziwa mochedwa. Ulendo wanga woyamba ndinavala nsapato zatsopano, zondithina pang'ono, poganiza kuti zifutukuka m'njira. Pokwera sizinavute. Potsika, zala zinkagunda kutsogolo pa sitepe iliyonse. Nditavula, zikhadabo ziwiri zinali zitada bii, ndipo patapita milungu ingapo zinasoloka. Nsapato ya pampikisano izikhala imene mwathamanga nayo kale kangapo. Mangani zingwe molimba pamwamba pa phazi kuti lisamasendere kutsogolo. Valani masokosi osang'ambika, ndipo pakani mafuta a Vaseline pakati pa zala ndi m'mphechepeche kuti musachite matuza ndi kusupuka.

Mudzaona ena akudumpha miyala opanda nsapato n'komwe. Mapazi amenewo anakulira m'phiri. Musawatsanzire.

Chakudya ndi madzi

Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo ameneyu ndiye makala oyaka msanga. Munthu akamathamanga mwamphamvu, nkhokwe imeneyi imatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ikatha, miyendo imangoti zii, mutu umachita chizungulire, ndipo ngakhale kamtunda kakang'ono kamaoneka ngati phiri lina. Choncho usiku wake idyani nsima, mpunga kapena mbatata monga mwa masiku onse, osati chakudya chachilendo. M'mawa imwani phala kutatsala maola awiri kapena atatu. M'thumba muikemo nthochi, kachigumu kapena timaswiti, ndipo muzidya pang'onopang'ono njala isanakupezeni.

Thukuta limatulutsa madzi pamodzi ndi mchere. Lawani pamkono mukatuluka thukuta, mumva. Imwani pang'ono pafupipafupi mukamva ludzu, osati kudzaza mimba nthawi imodzi. Mukafuna chakumwa chobwezera zonse ziwiri, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mkodzo ndi umene umauza zoona: ukakhala wachikasu kwambiri ndiponso wochepa, thupi lauma.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho. Anyamata ena amameza bulufeni kapena indosidi asananyamuke, ati kuti asamve kupweteka. Mankhwala amenewa akakumana ndi thupi louma amavulaza impso, amapwetekanso m'mimba, ndipo amabisa ululu umene ukanakuchenjezani kuti mwavulala. Mowa nawonso supatsa mphamvu. Umaumitsa thupi ndi kusocheretsa phazi.

Makoko a nthochi amaola, koma mapepala a pulasitiki saola. Chimene mwakwera nacho mutsike nacho. Ndipo musayatse moto patchire. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera wokha kwina kulikonse padziko, ndipo moto ndi nkhwangwa zautha kale kwambiri.

Kukonzekera

Amene amalima, kutunga madzi kuchitsime chakutali kapena kupalasa kabaza, maziko ali nawo kale. Chotsala ndi kuzoloweza mtima ndi miyendo kugwira ntchito nthawi yaitali osaima. Miyezi itatu imathandiza. Wofuna kuthamanga mu Julaye ayambe mu Epulo, mvula ikamatha.

Masiku atatu kapena anayi pa sabata ndi okwanira. Masiku ambiri muzithamanga mofatsa, paliwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu osabanika. Mukalephera kumaliza chiganizo, chepetsani. Tsiku limodzi lipatseni chitunda: kwerani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, tsikani mosamala, bwerezani kangapo. Tsiku lina likhale la ulendo wautali, wosakaniza kuthamanga ndi kuyenda, ndipo muziuwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Zitunda sizisowa. A ku Blantyre ali ndi Michiru, Soche ndi Ndirande, a ku Zomba ali ndi phiri lawo, a ku Lilongwe angapite ku Bunda kapena ku Nkhoma.

Kupuma nakonso ndi gawo la ntchitoyi. Minofu simalimba pamene mukuthamanga, imalimba pamene mukugona itatha kuthamanga. Sabata yomaliza chepetsani kwambiri, kuti mukafike poyambira muli ndi mphamvu. Ndipo musamapite nokha m'phiri. Pezani anzanu awiri kapena atatu, uzani akunyumba njira imene mudzere ndi nthawi yobwerera. Gulu limathandizanso tsiku limene ulesi wakugwirani, chifukwa mnzanu akagogoda pakhomo m'bandakucha, n'kovuta kukana.

Ngati muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mphumu, ngati ndinu oyembekezera, kapena mwangodwala kumene malungo, yambani mwaonana ndi achipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo itanani thandizo. Mpikisano udzakhalaponso chaka chamawa.

Sabata ino, pezani chitunda chapafupi ndi kwanu. Musanakwere, werengani kugunda kwa mtima wanu monga taphunzirira, ndipo mulembe nambalayo m'kope. Mukafika pamwamba, werenganinso n'kulemba. Kenako yerekezani manambala awiriwo.