Kuwonjezera mphamvu kompyuta yakale: power supply patsogolo, graphics card pambuyo

Makompyuta ambiri amene akugwira ntchito pa boma la Rumphi, ku Bolero ndi ku Livingstonia anayamba atumikira m'maofesi a kunja asanafike kuno. Ndi a Dell OptiPlex, HP Compaq Elite ndi Lenovo ThinkCentre, ena mwa iwo opangidwa pakati pa 2011 ndi 2014. Polemba makalata, posindikiza kapena poika nyimbo m'mafoni sadandaulitsa. Mavuto amayamba mnyamata wojambula maukwati ndi makwaya akafuna kukonza vidiyo yake: chithunzi chimayenda modukiza, fani ikulira, kasitomala akudikira pakhomo.

Maganizo oyamba amakhala ogula graphics card, ndipo ndi maganizo abwino. Koma amene athamangira kadi asanaone power supply, kabokosi kachitsulo kamene kamagawira magetsi zipangizo zonse za mkati, ali ngati mlimi wa ku Hewe womangirira ngolo yodzaza fodya pa ng'ombe yowonda.

Ntchito iyambire kunyumba, ndalama zisanatuluke m'thumba. Mwini kompyuta aizimitse, azule pulagi kukhoma, adinikize batani loyatsira kwa masekondi angapo, kenako atsegule chivundikiro cham'mbali ndi kugwira chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu. Ndiye ajambule ndi foni zinthu zitatu: pepala lomatidwa pa power supply, malo ataliatali olowetsamo kadi otchedwa PCIe x16, ndi pulagi yaikulu yochokera ku power supply kupita pa motherboard. Ayezenso ndi rula mpata umene ulipo. Kuchoka pa boma la Rumphi kufika ku Mzuzu kokagula zipangizozi ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo wochokera ku Livingstonia ulendo wake ndi wotalikirapo. Kubwerera kukasinthitsa kadi yosalowa n'kuononga thiransipoti pachabe.

Pulagi yaikulu ija ndiyo imanena zonse. Ikakhala ya mapini 24, monga zilili pa OptiPlex 7010 yaikulu yoimirira, power supply wamba ya m'sitolo ilowa. Koma pa OptiPlex 3020, 7020 ndi 9020 a Dell anaika pulagi yawoyawo ya mapini 8, ndipo HP Compaq Elite 8300 nayo ili ndi yake ya mapini 6. Pamenepo pafunika adaputala yopangidwira mtundu womwewo, apo ayi power supply isakhudzidwe. Amisiri ena amadula mawaya n'kulumikiza okha. Zimenezi n'kusewera ndi moto.

Mabokosi ang'onoang'ono opyapyala, otchedwa SFF, ali ndi malamulo awonso. Power supply yake nthawi zambiri ndi ya mawati 240 kapena 255, ndipo ndi yopangidwa mwapadera moti ya m'sitolo singakwanemo. Kadi yolowamo ndi yaifupi yokha, ya low profile, ndipo wogula aonetsetse kuti kachitsulo kake kakafupi komangira kumbuyo kalipo m'paketi.

Tsopano masamu. Malo a PCIe x16 paokha amapereka mawati osapitirira 75. Pulagi yowonjezera ya mapini 6 imabweretsa ena 75, ya mapini 8 imabweretsa 150. Choncho makadi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba limakhutira ndi magetsi a pa motherboard: GT 1030 ya 2017 imadya mawati 30 okha, RX 6400 ya 2022 imadya 53, pamene GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019 zimafika 75, ngakhale mitundu ina ya ziwirizi imafunabe pulagi ya mapini 6. Gulu lachiwiri ndi la makadi adyera: GTX 1060 imafuna mawati 120, RX 580 imafuna 185 ndipo opanga ake amalangiza power supply ya mawati 500. Kwa wokonza mavidiyo amene ali ndi purosesa ya Core i5-3470 kapena i5-4570, GTX 1050 Ti kapena GTX 1650 ndiyo nzeru, chifukwa kadi yamphamvu kwambiri imangokhala ikudikira purosesa yokalambayo. Wa Core 2 Duo ndalama zake asunge, adzagule bokosi lina.

Pamsika wa zakale pali misampha iwiri yodziwika. Pali makadi olembedwa GTX 1050 Ti pamene mkati mwake muli GTS 450 ya 2010. Chizindikiro chake n'chakuti amakhala ndi pobayira VGA, pamene kadi yeniyeni ilibe. Kapulogalamu kaulere ka GPU-Z kamathandiza kuulula bodzali. Palinso ma RX 580 ambiri amene anagwira usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti. Wogulitsa woona mtima sakana kuti kadi iyesedwe pamaso pa wogula.

Posankha power supply, chiwerengero chachikulu cholembedwa pa katoni chisanyenge munthu. Chofunika ndi mzere wa +12V pa pepala lija, chifukwa kadi ndi purosesa zimadyera pamenepo. Maampu akachulukitsidwa ndi 12 amapereka mawati enieni: 18A ndi mawati 216, ngakhale katoni inene 500. Ya chizindikiro cha 80 Plus, yochokera ku makampani monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ndi yodalirikapo kusiyana ndi zopepuka zopanda dzina. Ndipo ngati kumbuyo kuli kaswichi kofiira ka 115 ndi 230, kakhale pa 230, popeza magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Kakakhala pa 115 pamamveka kuphulika kamodzi, basi zathera pomwepo.

Kuika kwenikweni sikuchedwa. Mawaya akale ajambulidwe asanazulidwe. Masikuluwu anayi akumbuyo amasulidwe, power supply yakale ituluke, yatsopano ilowe, kenako pulagi ya mapini 24, ya purosesa ya mapini 4 kapena 8, ndi za SATA zibwerere m'malo mwake. Pulagi ya purosesa ndi ya kadi zimafanana maonekedwe koma mawaya ake ndi osiyana. Yolembedwa CPU ipite pa motherboard, yolembedwa PCIe ipite pa kadi, ndipo ikakana kulowa isakakamizidwe. Kadi idinikizidwe mowongoka mpaka kaloko kalire, imangidwe ndi sikuluwu. Fumbi la chilimwe lipemereredwe kunja bokosi lisanatsekedwe. Power supply yakaleyo isatsegulidwe ndi aliyense, chifukwa imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa kukhoma.

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi: ayatsa, sikirini ili bii. Kawirikawiri waya wa monita amakhala atatsala pa motherboard m'malo mosamukira pa kadi yatsopano. Wa monita yakale ya VGA agulirenso adaputala ya HDMI kupita ku VGA pa ulendo womwewo wa ku Mzuzu. Madalaiva atengedwe pa tsamba la NVIDIA kapena AMD. Ndi mamegabaiti mazana angapo, choncho bandulo ya Airtel kapena TNM ikhale yokwanira. Akatha, kompyuta ipatsidwe ntchito yolemera kwa ola lathunthu. Ikazima yokha kapena kuyambiranso pakati pa ntchito, choyamba kuchikayikira ndi power supply.

Chatsala ndi magetsi a kukhoma. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali asanafike ku Rumphi. Akazima n'kubwera mwadzidzidzi, makamaka nthawi ya mvula ndi ziphaliwali, zipangizo zatsopanozo zikhoza kupsa tsiku limodzi. Surge protector ndiyo yochepetsetsa imene munthu angaike. UPS ndi yabwinopo, koma ya 650VA imene ambiri ali nayo imanyamula mawati osafika 400, choncho woika RX 580 ayang'ane ya 1000VA kapena kuposerapo.