Galimoto Ikakana Kulira M'mawa wa Julayi

Ana inu, lero tikambe za galimoto yokana kulira m'nyengo ya chisanu. Ena mwayamba kale kuseka: chisanu chanji kuno kwa Mburuma? Simukulakwa. Ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndi malo otsika kuposa ena onse m'Zambia, mamita pafupifupi 330 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo malo otsika amatentha. Ku Yakutsk, m'dziko la Russia, kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, moti madalaivala ambiri sazimitsa injini tsiku lonse. Ku Canada amailumikiza ku magetsi a m'nyumba usiku kuti igone yofunda. Ife zimenezo n'zachilendo. Nanga bwanji mbandakucha wa Juni ndi Julayi timaona anthu akukankha galimoto za nsomba zopita ku Luangwa Bridge?

Yankho lili mu batire. M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse chili ndi mbale za mtovu zomizidwa m'madzi a asidi, ndipo ikadzaza bwino zonse pamodzi zimapereka mavolti 12.6. Magetsiwo amabadwa pamene asidi akudyana ndi mtovu, ndipo kukazizira kudyanako kumachedwa. Nthawi yomweyo oyilo amakhala atalimba, ndiye sitata imafuna mphamvu zambiri kuti izunguze injini.

Koma mvetsetsani apa. Batire yamoyo siingagonje ndi kachisanu kathu aka. Imene imagonja m'Julayi inaphedwa kale m'Okutobala, pamene dzuwa limapitirira madigiri 40, osanena za kutentha kwa pansi pa boneti. Madzi a mu batire amauma, mbale zimatulukira pamtunda n'kuyamba kudyeka. Mwini galimoto sazindikira, pakuti injini yofunda imalira ngakhale ndi batire yofooka. Zili ngati mzati wodyedwa ndi chiswe: umagwa tsiku la mphepo, anthu n'kumaloza mphepoyo. N'chifukwa chake muziyang'ana madzi a batire m'chilimwe, ngati ili ya zitsekerero zotsegula. Muzithiramo madzi a batire ogula m'botolo. A mumtsinje kapena a pamjigo ali ndi mchere woononga mbale.

Tsopano galimoto yakana. Musathamangire sipanala, potokolani kiyi, mutchere khutu. Mukamva kuti "tcha, tcha" basi, magetsi a padeshibodi n'kuzirala, yambani ndi mitu ya batire. Kawirikawiri pamakhala ufa woyera kapena wobiriwira, kapena chomangira chakhwefuka ndi mabampu. Tsukani ndi madzi ofunda a soda, mumange zolimba. Ngati muli ndi mita, yezani: mavolti 12.2 ndiye kuti mphamvu yatsala theka. Injini ikalira, mita iyenera kusonyeza pafupifupi 14. Ikapanda kutero, alternator sakubwezera magetsi, ndipo kugula batire yatsopano n'kutaya makwacha.

Injini ikamazungulira mwamphamvu koma osagwira, batire ilibe mlandu. Injini ya dizilo siiyatsa mafuta ndi moto wa pulagi ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe, ndipo zitsulo zozizira zimaba kutenthako. Kubwezera kutenthako ndiyo ntchito ya mahita. Dikirani kanyali ka mahita kokhala ngati waya wopiringizika kazime, musanalize. Dizilo wogula m'zigubu nayenso musamukhulupirire msanga, amatha kukhala ndi madzi. Khetsani sefa yake. Ndipo sitata musaigwire kupitirira masekondi 10, imapsa.

Kukankha kumathandiza pa galimoto ya giya wamanja yokha: giya wachiwiri, kilachi pansi, ikathamanga mwasiya. Za otomatiki zochokera ku Japan zimene zachulukazi, mudzangotuluka thukuta pachabe. Pamenepo bwerekani moto: waya wofiira pa + wa mabatire onse awiri, wakuda pa − wa batire yamoyo, mbali yake inayo pa chitsulo cha injini yakufayo, kutali ndi batire, chifukwa batire imatulutsa mpweya wophulika. Zoyika mbaula pansi pa injini, monga amachitira ena, ndisadzamve kuti wophunzira wanga wachita.

Ntchito ya kunyumba: pezani batire ya galimoto, mukopere manambala olembedwa pambali pake. Mukapezapo zilembo CCA, dziwani kuti ndiwo magetsi amene imatulutsa kwa masekondi 30 pa madigiri 18 pansi pa ziro. Mawa tidzayerekeza ya galimoto yaing'ono ndi ya lole.