Zigamba pakhungu, ululu m'mafupa: mayankho a makalata anu

Tiyambe ndi mayi a ku Mchinji. Akuti mwana wawo ali ndi zigamba za mamba m'zigongono ndi m'mawondo, kuchipatala anati ndi psoriasis, ndiye apakhomo amupatulira mbale ndi beseni lake. Mayi, mbale zija zibwerere pamodzi lero lomwe. Matendawa sapatsirana. Si khate, si zipere. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimafulumizitsa khungu: limene linayenera kukhwima pa mwezi limatuluka m'masiku ochepa n'kumaunjikana. Pakhungu lakuda zigambazo sizifiira kwenikweni, zimadera kapena kutuwa. Azidzola Vaseline akangosamba, ndipo asamasende mambawo.

Bambo a ku Balaka akufunsa ngati matendawa amatheratu. Ayi bambo, koma amagonja, munthu n'kutha miyezi khungu lili bwinobwino.

Tsopano kalata iyi ya ku Zomba, apa ndichedwepo. Bambowa akhala ndi psoriasis zaka zambiri. Panopa chala chatupa chonse, kuyambira patsinde mpaka kunsonga, chidendene chikuwawa, m'mawa thupi limauma mpaka dzuwa litakwera. Ndiye akuti akumwa prednisolone wogula pamsika ndipo akuwathandiza.

Bambo, chala chimenecho ndi khungu lanulo ndi nthenda imodzi. Ndi nyamakazi imene imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi a psoriasis. Taonani zikhadabo zanu, mwina zili ndi timaenje ngati zabayidwa ndi singano. Nyamakazi imeneyi imadya molumikizana mafupa mwakachetechete, ndipo chala chikapindika sichiwongokanso.

Koma prednisolone ameneyu! Sabata iliyonse ndimanena. Inde amaziziritsa ululu, sindikukana. Koma amakweza shuga ndi BP, amafooketsa mafupa, ndipo tsiku limene mudzamusiye mwadzidzidzi khungu likhoza kubuka koposa kale. Ndinalandirapo telala wina amene anamwa mapiritsiwa miyezi yambiri kuti azitha kupalasa makina. Ndalama zitamuthera anangosiya. Anabwera atafunda chitenje dzuwa likuswa mtengo, akunjenjemera, thupi lonse tili timatuza ta mafinya, nkhope ili yotupa. Tinamugoneka. Choncho inu a ku Zomba musasiye nokha usiku uno, pitani nawo mapiritsiwo kuchipatala akuchepetsereni pang'onopang'ono, ndipo mupemphe kuonana ndi a matenda a khungu.

Kumeneko mwina adzakupatsani methotrexate, amene amathandiza khungu ndi mafupa omwe. Mvetserani bwino: amamwedwa kamodzi pa sabata. Kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Sankhani tsiku, mulilembe m'buku lanu la kuchipatala. Mowa ayi, chifukwa cha chiwindi, ndipo magazi aziyezedwa. Mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati asamwe. Enanu amene mumalandira Bactrim pamodzi ndi ma ARV, nenani msanga kwa dokotala, pakuti Bactrim ndi methotrexate akakumana amagwetsa magazi koopsa. Ndipo amene psoriasis yamubukira mwamphamvu mosayembekezera akayezetse HIV, chifukwa kachilomboka kamaikolezera, ndipo ma ARV nthawi zambiri amaitontholetsa.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mumabwera kudzafuna mafuta odzola basi, ndikati tiyeze BP mumati mukuthamangira minibasi. Kutupa kumene kukuoneka pakhunguko kumakhudzanso mitsempha ya magazi. Anthu a nyamakazi imeneyi amadwala mtima, shuga ndi BP kuposa anzawo. Fodya musiye, thupi likanenepa mulichepetse, mawondo nawo apepukidwa. Ndiponso amene wasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti chifukwa cha manyazi, tulo osabwera, anene, kuvutika maganizo nakonso timathandiza.

Kalata yotsiriza, mwachangu: mayi a ku Karonga, amene ali ndi nyamakazi imeneyi, akuti diso lafiira, likuwawa, silikufuna kuwala. Mayi, ndi nyamakazi muli nayoyo musadonthezemo kanthu kogula. Mawa m'mawa mukaonane ndi a maso.