Phunziro: A msonkho akabwera kudzaona mabuku

Kwa Kasisi kuno ntchito yomanga siisowa. Madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anagwetsa nyumba, zimbudzi za sukulu ndi timilatho m'Chikwawa muno. Amisiri ena amene kale ankangodikira maganyu, lero ali ndi nambala ya msonkho yotchedwa TPIN, ndipo amasaina okha ntchito. Munthu wotere ndiye kontilakitala woima payekha. Bwana ndi iye yemwe, kalaliki ndi iye yemwe.

Tsiku lina kumabwera kalata ya MRA: tikubwera kudzaona mabuku anu. Ambiri akaiwerenga, nsima imakanika kutsika. Tiyeni tione chimene alendowa amadzafuna.

MRA ndi bungwe lotolera msonkho wa boma. Linayamba ntchito mu 2000, ndipo likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre. Umodzi mwa misonkho imene limatolera ndi VAT, umene unalowa m'malo mwa surtax mu 2005. VAT ndi msonkho wa pa malonda. Amaulipira ndi wogula, koma amautolera ndi wogulitsa. Si mmisiri aliyense amene amaloledwa kuutolera. Amautolera ndi yekhayo amene analembetsa VAT ku MRA, ndipo lamulo limakakamiza kulembetsa malonda a pa chaka akadutsa malire amene boma linaika. Malirewo amasintha: pa nthawi ina anali K10 miliyoni, kenako K25 miliyoni. Wosalembetsa akawonjezera VAT pa mtengo wake, wapalamula.

Apa mvetsetsani: ndalama ya VAT si yanu. Mwangosungizidwa, monga mmene mnansi amakusungizirani mbuzi akamapita ku munda wa kudimba. Mbuziyo ili m'khola mwanu, koma mukaipha pa ukwati wa mwana wanu, mudzayankha.

Tiwerengere limodzi. Mulingo wa VAT umasintha Nyumba ya Malamulo ikavomereza. Ife tigwiritse ntchito 16.5 peresenti, umene unakhala zaka zambiri kuyambira 2008.

Mmisiri wamanga zimbudzi pa mtengo wa K2,000,000. VAT yake ndi K330,000. Mwini ntchito alipira K2,330,000. Koma mmisiriyo nayenso analipira VAT pogula simenti, malata, misomali ndi utoto. Katundu anali wa K1,200,000, ndipo VAT ya pamenepo inali K198,000. Lamulo limamulola kuchotsa imene analipira pa imene watolera. K330,000 kuchotsapo K198,000 kutsala K132,000. Imeneyi ndiyo ya boma. Aipereke, pamodzi ndi fomu ya mweziwo, pofika pa 25 mwezi wotsatira. Ngakhale mwezi umene sanagwire ntchito, fomu imapitabe, yolembedwa kuti palibe.

Tsono a msonkho akabwera, nkhani yonse imagona pa K198,000 ija. Amafunsa kuti umboni wake uli kuti.

"Bambo, tione nawo malisiti a simenti."

"Bwana, simenti yake ndi imene ili pa khoma apoyo. Matumba 40, pitani mukaone."

"Khoma taliona, bambo. Koma khoma sililowa mu faelo."

Lisiti limene amalivomereza ndi la wogulitsa wolembetsa VAT, loonetsa dzina lake, TPIN yake, tsiku, katundu ndi msonkho wake padera. Mu 2014 masitolo olembetsa anauzidwa kutulutsa malisiti pa makina a EFD, otumiza nkhani ya malonda ku MRA. Kapepala kong'amba mu kope, kolembedwa ndi bolopeni kuti "simenti 40", sikathandiza. Lisiti likasowa, K198,000 ija saichotsa, ndipo mmisiri amalipira K330,000 yonse, kuwonjezerapo chindapusa ndi chiwongoladzanja ngati anachotsa kale popanda umboni.

Nanga mchenga wa ku mtsinje, njerwa zootcha m'mudzi, ngolo imene inatuta madzi? Amene anakugulitsani zimenezi sanakulipiritseni VAT, choncho palibe chochotsa. Zilembenibe m'buku, ndipo wolandira ndalama asaine kapena adinde chala. Zidzakuthandizani pa msonkho wina, wa pa phindu.

Kuno ku Chigwa cha Shire pepala lili ndi adani atatu: madzi, chiswe ndi dzuwa. Za madzi ndi chiswe tonse tikudziwa. Za dzuwa ambiri sazilingalira. Pepala la malisiti a makina limalembedwa ndi kutentha, osati inki, ndipo kutentha komweko ndi kumene kumaliwononga. Lisiti mwagula nalo malata ku Blantyre, mwalipinda m'thumba la shati, mwatsika nalo phiri mpaka pa Thabwa thukuta lili kamukamu. Pofika kunyumba mwalitsomeka pa denga, pansi pa lata. Ikatha miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mukalitambasula mupeza layera mbee, kapena lada bii. Manambala apita. Ine ndimati lisiti lotere lijambulidwe tsiku lomwelo, pa foni kapena pa fotokope pa boma. Kenako liikidwe mu jumbo, jumbo mu chidebe chotseka, chidebe pamwamba pomwe madzi safika. Ndipo musafulumire kukolezera moto mapepala akale. Lamulo limafuna kuti asungidwe zaka zosachepera 6.

Ofufuzawo sagwira ntchito molosera. Amaika mapepala pambali pa mapepala anzake. Amatenga mafomu amene munatumiza, mabuku anu a malonda, malisiti, kontilakiti ndi sitetimenti ya ku banki, n'kuona ngati zikulankhula chimodzi. Ali ndi diso linanso limene amisiri amaliiwala. Bungwe kapena ofesi imene inakulipirani imadula gawo la malipiro a ntchito yomanga, n'kulitumiza ku MRA m'dzina lanu.  Umenewu si VAT ayi, ndi msonkho wa pa phindu wolipiriratu, ndipo amakupatsani chiphaso chake choti mudzachotsere pakutha pa chaka. Koma zikutanthauzanso kuti a MRA akudziwa kale za ntchitoyo. Kuibisa n'kubisala kuseri kwa chala.

Tsiku la kauniuni likafika, alandireni ngati alendo, koma pemphani chitupa cha ntchito. Ndi ufulu wanu, chifukwa akuba ena amavala tayi n'kumadzitcha a msonkho. Pamene simukumva, funsani kuti abwereze m'Chichewa. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pakhale mwana kapena mnzanu wodziwa, ndipo musasaine pepala limene simunalimve. Akatenga buku lanu, alembe kuti atenga. Msonkho sulipiridwa m'manja mwa munthu pansi pa mtengo. Umapita ku akaunti ya MRA, ndipo umakhala ndi lisiti lake. Wina akati tingomvana pompano, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Akamaliza, amakulemberani zimene apeza ndi ndalama imene akuti mulipire. Nawonso ndi anthu, amalakwitsa masamu. Ngati simukugwirizana nazo, lembani kalata yodandaula kwa mkulu wa MRA, Commissioner General, pasanathe masiku 30, muphatikizepo umboni. Ngati ngongoleyo ndi yoona koma yakukulirani, pitani mukapemphe kulipira pang'onopang'ono. Wothawa amadzavutika pofuna chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, chimene amachifunsa popikisana pa ntchito za boma.

Tsopano tengani kope ndi pensulo. Mayi wina womanga watolera VAT ya K165,000. Ali ndi malisiti awiri a makina: lina likuonetsa VAT ya K66,000, lina ya K33,000. Lisiti lachitatu, la VAT ya K20,000, linafufutika pa denga ndipo sanalijambule. Apereka zingati ku MRA? Akanalijambula, akanapereka zingati?