Ndulu ya ng'ona pamaso pa woweruza

Anthu akafa atamwa mowa pamaliro, si ndulu ya ng'ona imeneyo?

Ku Metangula, ku Cobué ngakhale kutsidya ku Likoma, pakamwa pamafulumira kutero. Ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa ku Tete, ananenanso zomwezo mu Januwale 2015, anthu oposa 200 atadwala ndi pombe yemwe anamwa pamaliro, 75 mwa iwo n'kumwalira. Mayi amene anafulula mowawo anamwaliranso. Zotsatira zoyeza zitalengezedwa mu Novembala, ng'ona inapezeka yosalakwa. Ndipotu kale m'ma 1980, Norman Nyazema wa ku University of Zimbabwe anali atayesa nduluyi pa nyama ndi kupeza kuti si poizoni monga imatchukira.

Nanga chinawapha n'chiyani?

Poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Anapangidwa ndi bakiteriya wa Burkholderia gladioli amene anaswana mu ufa wa chimanga womwe unanyowa ndi madzi osefukira. Sanunkha, samveka pakamwa, ndipo ngakhale muwiritse bwanji satha mphamvu. Amatseka njira imene maselo a thupi amapezera mphamvu, chiwindi ndi impso n'kuyamba kufooka. Ankadziwika ku Indonesia. Mu Africa aka kanali koyamba kumupeza.

Akatswiri amadziwa bwanji za chinthu chosaoneka ndi maso?

Chilichonse chinapangidwa ndi mamolekyu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kulemera kwake ndi kaumbidwe kake. Makina a mu labotale amayamba alekanitsa zosakanikirana mu mowa kapena m'magazi, monga amayi pagombe asankhira usipa padera, utaka padera. Kenako amayeza mtundu uliwonse ndi kuufananiza ndi mankhwala odziwika kale. Povuta ndi pano: chimene sunachiganizire n'chovuta kuchipeza. Zokayezetsa za ku Chitima zinakafika mpaka ku America, ndipo yankho linadza patatha miyezi pafupifupi khumi. Mphekesera inali italoza kale anthu chala tsiku loyamba lomwe.

Poizoni akapezeka, ndiye kuti wina anathira?

Ayi. Kuno timadya kondowole, ndipo chinangwa chowawa chimatulutsa cyanide mwachibadwa. N'chifukwa chake timachiviika masiku angapo tisanayanike. Mu chilala cha 1981 ku Nampula, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chosakonzedwa bwino. Panalibe mdani. Choncho katswiri ayenera kunenanso kuchuluka kwa poizoniyo, ngati kukanatha kupha, ndi njira zomwe akanaloweramo.

Katswiri akalankhula, mlandu watha?

Sunathe. Iye amanena chimene chinali m'chipanda. Amene anachigwira, ndi cholinga chanji, zimenezo amafufuza ndi a nthambi yofufuza milandu ya SERNIC, ndipo wogamula ndi woweruza. Loya wa woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wofunsa: anatunga mowawo ndani, liti, m'botolo lotani, linamatidwa ndi kulembedwa, linagona kuti paulendo wa ku Lichinga kapena ku Maputo? Mafunsowa ena amawayesa kuchenjera kwa maloya. Ine ndimawaona ngati chitetezo cha munthu wosauka, pakuti botolo lodutsa m'manja osadziwika lingamangitse wosalakwa.

Mfumu singaweruze nkhani yotere?

Ingathandize kukhazika mitima pansi ndi kuteteza woganiziridwa kuti asamenyedwe. Koma imfa yokayikitsa ndi ya apolisi ndi khoti.

Zikachitika pamudzi, tichite chiyani?

Odwala athamangire nawo kuchipatala, ngakhale amene akuoneka bwino, chifukwa poizoni wina amachedwa kuonekera. Musakhuthule mowa, musatsuke mbiya, musataye ufa, chimera kapena masanzi. Vundikirani, ikani pozizira, wina asagwirenso mpaka azaumoyo ndi apolisi atafika, ndipo lembani maina a onse amene anamwako ndi nthawi imene aliyense anayamba kudwala.