Musamasule belo m'chipinda chodzaza kale

Inu achinyamata amene mwayamba kukonza makompyuta kuno ku Phalombe, kaya pa Migowi, ku Chiringa kapena pa boma, makina ambiri amene muziitanidwira ndi okalamba. RAM yake ndi 2GB kapena 4GB, ndipo ena adaikidwa Linux chifukwa Windows yatsopano sangaisenze. Pa makina otere pali komandi yaifupi imene imagwetsa anthu odziwa ntchito: swapoff, yozimitsa swap. Tamverani bwino.

Kompyuta ikadzaza RAM, zinthu zimene sizikugwiritsidwa ntchito panthawiyo imazikankhira ku swap. Kale swap inkakhala pa disiki basi, ndipo disiki ndi yochedwa. Kenaka Nitin Gupta adapanga njira imene lero timaitcha zram, yomwe idakhazikika mu Linux 3.14 m'chaka cha 2014. Nzeru yake ndi yakuti zinthuzo zisapite ku disiki, koma zifinyidwe n'kusungidwa m'RAM momwemo. Kawirikawiri zimachepa kawiri kapena katatu. Fedora idayamba kubwera ndi zram yoyatsa kale mu 2020, ndipo mafoni a Android ambiri amene mumagwira tsiku ndi tsiku akuyendera yomweyi.

Mudaonapo belo la kaunjika lisanadulidwe mawaya? Limakwana pa kaliyala ya njinga. Mukalidula, zovala zimafufuma n'kudzaza chipinda. Ntchito ya swapoff ndi yomweyo: chilichonse chimene chili mu zram chiyenera kumasulidwa n'kubwerera pa kukula kwake kwenikweni. Ngati zram yatenga 1GB koma m'katimo muli zinthu za 3GB, pakufunika malo ena a 2GB amene makinawo alibe. Akadakhala nawo si bwenzi atafinya zinthuzo poyamba.

Zikatero nthawi zina mumachita mwayi, komandiyo imangokana n'kukuuzani kuti malo palibe. Nthawi zina kernel imadzutsa OOM killer, amene ntchito yake ndi kupha pulogalamu kuti papezeke mpata. Amene adalemba Linux adakonza zoti woyamba kuphedwa akhale swapoff yemweyo, koma musadalire zimenezo. Makina akakhala pakalikiliki, mapulogalamu ena akupemphabe malo nthawi yomweyo, ndipo kompyuta imayamba kutaya ndi kuwerenganso mafayilo omwewo pa disiki mosalekeza. Mausi sayenda, kiyibodi siyankha, kanyali ka disiki kali ngwee. Mwini wake amati yajama, n'kuthamangira batani lozimitsira. Apo mpamene pamaonongeka zinthu, makamaka ngati makinawo akusunga kaundula wa odwala kapena malikisi a ana asukulu.

Choncho musanalembe komandiyo, yambani mwawerengera. Lembani zramctl. Pamene palembedwa DATA mpamene pali kukula kwenikweni kwa zinthuzo, pomwe TOTAL ndi malo amene zatenga zili zofinyidwa. Kenaka lembani free -h, muone pa available, osati pa free. Kusiyana kwa DATA ndi TOTAL kukaposa available, chotsani manja. Ngakhale zitangofanana, chotsanibe manja, pakuti makina amene akugwira ntchito sakhala chete kudikira inu.

Ndipo dzifunseni kuti swap mukuizimitsiranji. Ambiri amatero chifukwa aona swap yadzaza, akuganiza kuti ndiyo ikuchedwetsa kompyuta. Ayi ndithu. Swap yodzaza ikukuuzani kuti RAM yachepa, ndipo zram ndiyo ikuchirikiza makinawo kuti asagwe. Mankhwala ake ndi kutseka Firefox kapena Chrome imene ili ndi masamba makumi atatu otsegula, kapena kuuza abwana poyera kuti agule RAM ina. Mawu amenewo sakoma kuwanena kwa munthu amene bajeti yake ndi yoperewera, koma ndinu amene mudzaitanidwenso makinawo akagwa.

Ngati pali chifukwa chenicheni, mwina mukufuna kusintha kukula kwa zram kapena kusintha kafinyidwe kuchoka pa lz4 kupita pa zstd, njira yabwino ndi yotopetsa iyi. Sinthani fayilo ya makonzedwe, dikirani anthu aweruke, muzimitse makina n'kuwayatsanso. Taonani mafoni a Samsung: mukasintha RAM Plus, foni imakuuzani kuti iyambe yazima kaye. Akatswiri awo sadalole kuti zisinthidwe foni ili m'kati mwa ntchito, nanga inu mukupikisana ndi yani? Kuthamanga sikufika. Pamene makina sangazimitsidwe, imitsani mapulogalamu olemera, pangani fayilo ya swap pa disiki ndi mkswap, muiyatse ndi swapon, kenaka muzimitse zram. Zinthu zomasulidwazo zidzakhala ndi kothawira. Zidzachedwa, koma zidzatheka. Onetsetsaninso kuti batire la UPS kapena la sola lili ndi moto, chifukwa magetsi a kuno satsanzika.

Musasokoneze zram ndi zswap, imene idalowa mu Linux 3.11 mu 2013. Zswap imakhala kutsogolo kwa swap ya pa disiki, ndipo mukaizimitsa imangosiya kulandira zatsopano, zakale n'kumatuluka pang'onopang'ono.

Nanga mwapeza makina agwa kale? Musafulumire kuikanso Linux yatsopano, monga amachitira ena pofuna kuoneka kuti agwira ntchito. Werengani zimene kernel idalemba isanagwe ndi journalctl -k -b -1, ngati makinawo amasunga zolemba zakale. Mukaona mawu onena za Out of memory ndi dzina la pulogalamu imene idaphedwa, dziwani kuti vuto ndi masamu aja, makina alibe mlandu. Koma mukaona BUG, Oops kapena kernel panic, nkhani ndi ina. Kuchepa kwa malo pakokha sikuyenera kuphwanya kernel. Apo jambulani sikirini ndi foni musanazimitse, yesani RAM ndi Memtest86+ usiku wonse, pukutani fumbi m'mafani chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kuno kuchigwa kumaulula zofooka zonse, ndipo ikani kernel yatsopano muyesenso pa makina opanda kaundula wa anthu.

Makina akajama muli pomwepo, yesani Alt, SysRq ndi F pamodzi musanakhudze batani lozimitsira. Ngati njirayi ndi yololedwa pa makinawo, kernel ipha pulogalamu imodzi yodya malo ambiri, ndipo nthawi zambiri mausi amayambanso kuyenda. Pa Ubuntu imabwera yotsekedwa, ndiye itseguleni lero pa kernel.sysrq, makina akadali bwino.