Tizirombo Tochepa M'magazi: Phunziro la Makalabu a Achinyamata Kuchokera kwa Dokotala

Cholinga cha phunziro

Pomaliza pa phunziroli, membala aliyense athe:
1. Kufotokoza tanthauzo la viral load.
2. Kunena chifukwa chake munthu amene tizirombo tachepa kwambiri m'magazi mwake sapatsira bwenzi lake HIV pogonana.
3. Kutchula zinthu zimene zimalepheretsa achinyamata kumwa ma ARV ndi mmene kalabu ingawathandizire.

Nthawi: ola limodzi ndi theka.
Zofunika: bolodi, choko, mbale ziwiri ndi kapu imodzi ya nyemba.

Mau oyamba

Wachinyamata amene akumwa ma ARV akabwera kuchipatala, ife madokotala sitiyang'ana nkhope yokha. Munthu akhoza kukhala wonenepa, wosalala khungu, womenya mpira bwino, koma tizirombo tikuchulukana m'thupi mwake. Chimene chimatiuza zoona ndi nambala imodzi yochokera ku labotale. Nambalayo timaitcha viral load. Phunziroli ndi la aliyense m'kalabu: amene muli ndi kachirombo, amene mulibe, ndi amene simunayezetse.

Kodi viral load n'chiyani?

Viral load ndi chiwerengero cha tizirombo ta HIV topezeka mu mililita imodzi ya magazi. Mililita ndi muyeso waung'ono kwambiri, moti kasupuni ka tiyi kamadzaza ndi mamililita 5. Munthu amene sakumwa mankhwala akhoza kukhala ndi tizirombo 100,000 kapena kuposa pamenepo mu mililita imodzi yokhayo.

Poyeza, namwino amatenga magazi a pamkono, kapena amadontheza magazi pa kapepala kapadera n'kukaumitsa. Magaziwo amatumizidwa ku labotale kumene kuli makina owerenga tizirombo. Kuno ku Malawi munthu amayezedwa koyamba pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenaka chaka chilichonse.

Musasokoneze viral load ndi CD4. CD4 ndi asilikali a m'thupi amene amatiteteza ku matenda, ndipo timafuna kuti akhale ambiri. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 pakati pa 500 ndi 1,500. Akachepera 200, matenda monga chifuwa chachikulu, chibayo ndi matenda oumitsa khosi amalowa mosavuta. Viral load ndi chiwerengero cha adani, ndipo timafuna kuti akhale ochepa.

Zotsatira timaziwerenga motere:
- Tizirombo sitikuoneka: tachepa kwambiri mpaka makina akulephera kutiwerenga. Apa ndi pamene timafuna aliyense afike.
- Tikuoneka koma sitikupitirira 1,000: mankhwala akugwira ntchito, koma tikambirane za kamwedwe kake.
- Tapitirira 1,000: pali vuto lofunika kulipeza msanga.

Kodi mankhwala amagwira bwanji ntchito?

HIV sikangaberekane pakokha. Kamalowa mwa msilikali wa CD4 n'kumusandutsa fakitale yopanga tizirombo tina, mpaka msilikaliyo kufa. Anthu ambiri m'dziko muno amamwa piritsi limodzi patsiku lotchedwa TLD. M'piritsi limeneli muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Awiri oyambawo amaletsa kachirombo kukopera mbewu yake. Wachitatuyo amakaletsa kulumikiza mbewuyo ndi mbewu ya msilikali. Fakitale ikatsekedwa chonchi, tizirombo timachepa msanga, ndipo anthu ambiri amafika posaoneka isanathe miyezi 6.

Koma mvetsani bwino: kusaoneka si kuchira. Tizirombo tina timabisala m'maselo ogona, kumene mankhwala sangatiphe. Munthu akasiya kumwa, timadzuka, ndipo pakangopita masabata ochepa magazi amadzazanso. Akamamwa modumphadumpha, mankhwala amachepa m'magazi, ndipo kachirombo kamapeza mpata wosintha n'kuyamba kupirira mankhwalawo. Zikatero timayenera kusintha mankhwala, koma mitundu yake si yambiri.

Tachoka kutali

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985. Kwa zaka zambiri kunalibe mankhwala, ndipo anthu ankathamangira kulikonse kumene amva kuti kuli thandizo. Mu 1995 anthu zikwizikwi anapita ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, koma maliro sanaleke. Makolo anu akhoza kukusimbirani.

Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala. Nthawi imeneyo munthu ankayamba mankhwala atadwala kale kapena CD4 itatsika kwambiri. Ankamwa kawiri patsiku, ndipo mankhwala a nthawiyo ankachititsa dzanzi m'mapazi ndi kubwetsa masaya. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo, posayang'ana CD4. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Mu 2019 kunabwera TLD. Ngati m'mutu mwanu mukadali chithunzi cha munthu wowonda ali gone pamphasa, dziwani kuti chithunzicho ndi cha kale.

Nkhani yabwino ya ofufuza

Mu 2011 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa HPTN 052. Ofufuza anatsata mabanja 1,763 m'maiko 9, ndipo ena mwa mabanjawo anali a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. M'banja lililonse, mmodzi anali ndi kachirombo, wina analibe. Anapeza kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti.

Mu 2016 kafukufuku wina wa ku Ulaya wotchedwa PARTNER anatsata maanja 888 amene anagonana popanda kondomu pafupifupi ka 58,000. Onse amene anali ndi kachirombo anali ndi viral load yochepera 200. Panalibe ngakhale mmodzi amene anapatsira mnzake. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena poyera kuti munthu amene tizirombo sitikuoneka m'magazi mwake, ndipo akupitiriza kumwa mankhwala mwandondomeko, sapatsira bwenzi lake HIV pogonana. Pa Chingerezi amalemba U=U. Kwathu kuno timati T=T, kutanthauza Tizirombo Tochepa = Thanzi.

Kwa mnyamata kapena mtsikana amene anabadwa ndi kachirombo, nkhani imeneyi ndi yaikulu. Akhoza kumaliza sukulu, kugwira ntchito, kukwatira kapena kukwatiwa ndi munthu amene alibe kachirombo, ndi kubereka ana opanda HIV.

Malire ake

Nkhani yabwino ikamveka theka imapweteka anthu. Choncho kumbukirani izi:
- Chimene chimatsimikiza ndi zotsatira za ku labotale. Maonekedwe a munthu kapena mau ake akuti "ndili bwino" si umboni.
- Chitetezo chimenechi chimakhalapo pokhapokha munthu akupitiriza kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku.
- Ma ARV sateteza ku chindoko, chinzonono, mabomu kapena mimba yosakonzekera. Kudziletsa ndi kugwiritsa ntchito kondomu kukadali kofunika.
- Poyamwitsa, chiopsezo chimachepa kwambiri koma sichitheratu. Mayi ndi mwana ayenera kupitabe ku sikelo, ndipo mwana alandire mankhwala ake ndi kuyezedwa nthawi zoikika.
- Amene akumwa ma ARV asamakayezetsenso HIV ndi tizipangizo toonetsa zotsatira nthawi yomweyo. Nthawi zina timatha kuonetsa ngati alibe kachirombo pamene kalipo. Anthu ena asiya mankhwala chifukwa cha zimenezi, poganiza kuti achira, ndipo adwala. Pempherani, koma mankhwala musasiye.

N'chifukwa chiyani tizirombo timakwera mwa achinyamata?

Kuchipatala timaona kuti achinyamata amavutika kusunga tizirombo tochepa kuposa akuluakulu. Tikakhala nawo pansi, kawirikawiri sitipeza ulesi. Timapeza zinthu ngati izi:
- Mantha pasukulu yogonera komweko. Botolo la mankhwala limasokosera mu sutikesi, ndipo mwana amaopa kuti anzake a m'hositelo amva.
- Mau a anzawo. Nthabwala za "wa mayunitsi" kapena "akumwa nyemba" zimanenedwa mwana wina ali pomwepo, chete. Usiku womwewo samwa.
- Chibwenzi chatsopano. Amabisa mankhwala poopa kusiyidwa.
- Kusauzidwa zoona. Ena anauzidwa kuti akumwa mavitamini kapena mankhwala a mtima. Akakula n'kuzindikira, amakwiya n'kusiya.
- Kutopa ndi kukhumudwa, makamaka kwa ana amasiye.
- Mowa ndi chamba, zimene zimaiwalitsa nthawi.
- Ulendo wa holide kapena wa ganyu atasiya botolo ndi buku la kuchipatala kunyumba.

Onani kuti zambiri mwa izi sizichokera m'thupi la wodwala. Zimachokera kwa anthu omuzungulira.

Zimene timachita viral load ikapitirira 1,000

Sitithamangira kusintha mankhwala, ndiponso sitikalipa. Poyamba timafunsa: Mumamwa nthawi yanji? Mankhwala mumasunga pati? Ndani akudziwa kunyumba? Mwezi uno mwadumpha masiku angati? Kenaka munthuyo amalandira uphungu wapadera, ndipo pakatha miyezi itatu akumwa bwino timayezanso. Ambiri tizirombo timatsika popanda kusintha chilichonse. Tikapanda kutsika, ndi pamene timafufuza ngati kachirombo kayamba kupirira mankhwala.

Chonde nenani zoona. Mukanena kuti simunadumphe pamene munadumpha, dokotala amafufuza vuto kumene kulibe.

Malangizo a tsiku ndi tsiku kwa amene akumwa ma ARV

1. Sankhani nthawi imodzi ndipo muimangirire ku chinthu chimene mumachita tsiku lililonse, monga kutsuka mano kapena kumwa phala.
2. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira. Ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, ingomwani limodzi. Musamwe awiri pakamodzi.
3. TLD mukhoza kumwa mutadya kapena musanadye. Kusowa chakudya kusakuletseni.
4. Ngati mankhwala akukusowetsani tulo, funsani dokotala za kumwa m'mawa.
5. Mankhwala a kutentha pamtima, owonjezera magazi ndi a calcium amatha kugwirana ndi dolutegravir m'mimba, osalowa bwino m'magazi. Funsani nthawi yoyenera kumwera.
6. Mukayamba mankhwala a chifuwa chachikulu, nenani kuti mukumwa ma ARV. Mankhwala a rifampicin amachepetsa dolutegravir m'magazi, ndiye timaonjezera piritsi lina.
7. Popita kutali, uzani achipatala msanga kuti akupatseni mankhwala okwanira, ndipo tengani buku lanu.
8. Funsani zotsatira zanu. Ndi ufulu wanu kudziwa nambala yanu. Paja safunsa anadya phula.
9. Funsani ngati pachipatala chanu pali Teen Club, kumene achinyamata omwa mankhwala amakumana paokha.

Zochita: masewero a nyemba

Thirani nyemba 40 m'mbale. Mbaleyo ndi magazi, nyembazo ndi tizirombo. Membala mmodzi akhale "mankhwala", wina akhale "kachirombo". Mtsogoleri akati "wamwa", mankhwala achotse theka la nyemba n'kuika m'mbale yachiwiri. Akati "wadumpha", kachirombo kathire nyemba zina zochuluka ngati zimene zatsala. Yambani ndi "wamwa" kasanu motsatizana. Bwerezani kuchokera pa 40, koma mosinthanasinthana "wamwa" ndi "wadumpha". Mwaona chiyani? Onaninso kuti nyemba yomaliza sichoka m'mbale.

Nkhani yokambirana

Taganizirani mtsikana wa Fomu 2 pasukulu yogonera komweko. Wamwa ma ARV kuyambira ali wamng'ono. Teremu ino mnzake wa bedi loyandikana wapeza botolo lake n'kuuza ena. Tsopano mtsikanayo wataya mankhwala m'chimbudzi ndipo akuti akumva bwino. Kuchipatala, viral load yake yabwera 24,000.

Mafunso

1. Kodi nambala imeneyi ikutanthauza chiyani, ngakhale iye akumva bwino?
2. Ndani wachititsa kuti zinthu zifike apa? Kambiranani mbali ya aliyense.
3. Mukanakhala mnzake wapamtima, mukananena chiyani kwa iye? Nanga kwa amene anaulula?
4. Kodi a matron, aphunzitsi ndi a patron a kalabu angathandize bwanji popanda kuulula chinsinsi chake?
5. Ndi mau ati onyoza amene amamveka pasukulu kapena m'mudzi mwanu? Lembani pabolodi, ndipo gwirizanani kuti m'kalabu yanu asamvekenso.

Kumbukirani

Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, ndipo limalola wa zaka 13 kupita mtsogolo kukayezetsa payekha. Ngati simunayezetse, pitani, chifukwa viral load singatsike mwa munthu amene sakudziwa kuti ali ndi kachirombo. Ngati mukumwa mankhwala, dziwani nambala yanu ndi tsiku lokayezetsanso. Ngati mulibe kachirombo, samalani pakamwa panu, chifukwa simudziwa amene akumvetsera. Ife kuchipatala timamuona wachinyamata kamodzi pa miyezi ingapo, koma inu mumakhala naye tsiku lililonse. Pamsonkhano wotsatira, gulu lililonse libwere ndi chinthu chimodzi chimene lachita kuti mnzanu womwa mankhwala asachite manyazi.